Mtengo wa mfuti ya gogodela upakidwe chiyani kuti mizere yake ioneke?

Bambo wina amene amakhala ku Pennsylvania, ku America, wandilembera kalata. Akuti wamaliza kusema mtengo wa mfuti ya gogodela, mtundu uja wautali wa amisiri akale a dzikolo. Mtengowo ndi wa maple wamizeremizere, pakali pano uli mbuu, ndipo wagula kale chitini cha utoto wa matabwa ndi vanishi ya polyurethane. Akufunsa ngati angopaka zimenezi.

Achimwene, chonde musapake. Zitinizo zisungireni tebulo. Maple ndi mtengo wothinana, sumwa utoto mofanana, ndiye mudzangoona mawanga. Mizere mukuionayo imabwera chifukwa mitsempha ya mtengo inakula mokhotakhota, n'chifukwa chake mukautembenuza padzuwa mizereyo imaoneka ngati ikuyenda. Utoto wokhala pamwamba umakwirira zimenezo, ndipo polyurethane ikabwera pamwamba pake mfuti yosemedwa ndi manja imasanduka ya pulasitiki.

Amisiri a ku Lancaster, m'dera lanu lomwelo, m'zaka za m'ma 1700, ambiri mwa iwo ochokera ku Germany, ankapaka mankhwala otchedwa aqua fortis, omwe ndi chitsulo chosungunulidwa mu asidi wa nitric. Inu musavutike kusungunula nokha, utsi wake ndi poizoni. Gulani ferric nitrate, yemwe ndi mankhwala omwewo okonza kale, kwa ogulitsa zipangizo za mfuti zachikale, wamadzi kapena wamibulu wosungunula m'madzi, ndipo povala magolovesi musaiwale zoteteza maso.

Musanapake, chotsani mpope ndi zitsulo zonse, zamkuwa zomwe. Palani mtengo ndi chitsulo chopalira, kapena kwechani ndi sandipepa mpaka nambala 320. Kenaka pukutani ndi kansalu konyowa n'kuumitsa. Mukayendetsa chala mudzamva tiubweya tatuluka. Tichotseni mopepuka ndi sandipepa watsopano, nyowetsaninso, mpaka tisiye kutuluka. Apa musagwiritse ntchito waya wotsukira mapoto, chifukwa tizitsulo take timatsalira m'mtengo n'kusiya timadontho ta dzimbiri. Pomwe padagwera guluu papaleni bwino, mankhwala sadzalowa pamenepo.

Yesani kaye pa kachidutswa ka thabwa lomwelo, poti mtengo uliwonse umayankha mwake. Mukakhutira, pakani paliponse mofulumira, mtengo unyowe ndithu, kenaka ulekeni uume. Apa ndi pomwe ambiri mtima umawathawa. Mtengo umasanduka wotuwa mobiriwira, wonyansa, moti munthu amaganiza kuti wawononga ntchito ya miyezi. Musade nkhawa, umayenera kutero. Tengani makina opemerera mpweya wotentha, muyendetse pang'onopang'ono kuyambira kutsinde. Pomwe kutentha kwafika, kubiriwira kuja kumachoka, kufiira kodera kumabwera kukutsatira dzanja lanu, mizere n'kuyamba kutuluka umodzi umodzi. Akale ankawotcha chitsulo mpaka psuu n'kuchiyandikiza pamtengo osaukhudza. Samalani m'mphepete mopyapyala, makamaka m'mbali mwa ngalande ya mpope ndi pa zosema, pamapserera msanga. Pomwe pakadali pobiriwira sipanapse, bwereranipo.

Mukafuna mizere yakuda kwambiri, yambani mwapaka tannic acid (asidi wopezeka m'makungwa a mitengo), aume, kenaka ferric nitrate uja. Mtengo wonse udzada bii, ndiye mumakwecha pang'ono kuti pakati pa mizere payere. Ine ndimakonda ferric nitrate yekha, kupaka kawiri, chifukwa mtundu wake umakhala wofunda. Pomaliza ambiri amapukuta ndi madzi a soda kapena ammonia kuti asidi wotsala asadzadye zitsulo. Mukatero tsukuluzani, mtengo uume ndithu, muutikite ndi fupa losalala kapena nyanga kuti ukhale see.

Pa mafuta ndi pomwe anthu amapupuluma. Mfuti zambiri zakale zinkapakidwa vanishi yophikidwa kuchokera ku mafuta a linseed (a njere za chomera cha flax) ndi utomoni, osati mafuta okha. Linseed yekha amaoneka bwino koma satchinga madzi mokwanira ndipo amachedwa kuuma, choncho sankhani vanishi ya mafuta yopangira mitengo ya mfuti. Ulendo woyamba sungunulani ndi turpentine kuti alowe mkati, mtengo umwe, otsala pamwamba mupukute onse. Maulendo otsatira ndi kadontho pansonga ya chala, kutikita ndi chikhatho mpaka pafunde. Musawonjezere ena pomwe oyamba akumata, ngakhale patapita masiku angapo, apo ayi mtengo udzakhala ukunanda nthawi yonse yotentha. Kuuyanika padzuwa kumathandiza. M'zosema chotsani mafuta ndi mswachi asanaume.

Pakaninso mkati mosaoneka: m'ngalande ya mpope, m'dzenje la loko (zitsulo zoombera mfuti), ndi kutsinde pansi pa mkuwa. Mfuti ya onga imatsukidwa ndi madzi, ndipo madziwo amalowera m'malo amenewa. Mupake mopyapyala kuti zitsulo zidzabwerere m'malo mwake osakakamiza.

Sanza zonse za linseed musaziunjike pakona kapena m'bini. Mafutawa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa sanza umatha kuyaka wokha usiku inu muli mtulo. Ziyaleni panja imodzi imodzi mpaka ziume gwa, kapena zimizeni m'chitini cha madzi chokhala ndi chivundikiro.