Kodi masewera olimbitsa thupi angathandize amayi anga kuyambanso kukumbukira?

Mayi wina wandilembera imelo yofotokoza kuti amayi ake, omwe madokotala anawapeza ndi matenda oiwalaiwala a dementia, ayamba kusokoneza mayina a zidzukulu, ndipo akufunsa ngati masewera olimbitsa thupi angawathandize kuyambanso kukumbukira monga momwe anzake akumuuzira.

Mayi, ndikuyankhani mosabisa kanthu. Zimene anzanuwo akunena zili ndi pochokera, chifukwa mu 2011 akatswiri a ku America anapeza kuti okalamba amene ankayenda ndawala katatu pa sabata kwa chaka chathunthu, gawo la ubongo wawo lotchedwa hippocampus, lomwe limathandiza kusunga zinthu zatsopano, linakula ndi 2 peresenti. Komabe anthuwo analibe dementia, ndipo mfundo imeneyi ambiri amaisiya akamafotokoza nkhaniyi.

Kwa amene akudwala kale, zinthu n'zosiyana. Kafukufuku wotchedwa DAPA, yemwe anachitika ku England ndi kufalitsidwa mu 2018, anatsatira odwala 494, ndipo ena mwa iwo ankachita masewera amphamvu kawiri pa sabata kwa miyezi inayi moyang'aniridwa ndi akatswiri. Matupi awo analimba ndithu, koma patatha chaka, kuganiza ndi kukumbukira kwawo sikunasinthe mokomera, ndipo kunatsikirako pang'ono poyerekeza ndi anzawo amene sanachite nawo masewerawo.

Ngakhale zili choncho, ndikukupemphani kuti musawasiye amayi akhale pamphasa tsiku lonse. Ku Finland, kafukufuku wa mu 2013 wa anthu 210 odwala Alzheimer's (mtundu wina wa dementia) anasonyeza kuti amene ankachita masewera kunyumba kwawo kawiri pa sabata sankagwa kawirikawiri, komanso ankachedwa kutaya luso lodzisamalira okha. Kwa inu amene mumawasambitsa ndi kuwadzutsa, ndikuona kuti phindu limeneli ndi lalikulu zedi, popeza wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri zimavuta kuti ayendenso.

Sankhani zimene thupi lawo linazolowera kuyambira kale, monga kusesa pabwalo, kuthirira ndiwo kudimba, kapena kuvina nyimbo za kutchalitchi zimene amazikonda. Muziyenda nawo m'mawa dzuwa lisanatenthe, pa njira imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo musawalole kupita okha chifukwa akhoza kusochera. Ngati ali ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, yambani mwafunsa kuchipatala, ndipo akangodandaula za chizungulire, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, akhale pansi nthawi yomweyo.