Micol Fontana ndi abale ake: atelala a ku Traversetolo

Mayi wina amene amasoka madiresi aukwati wandilembera imelo. Akufunsa ngati Micol Fontana, mmisiri wa zovala wa ku Italy uja, anachita kupita kusukulu ya zosoka kapena anangobadwira m'banja la ndalama. Zikomo mayi polemba.

Luso anaphunzirira pakhomo. Micol anabadwa mu 1913 ku Traversetolo, tauni yaing'ono kufupi ndi Parma, ndipo mayi ake, a Amabile, anali telala. Micol, mkulu wake Zoe ndi mng'ono wake Giovanna anakula ali ndi singano m'manja. M'zaka za m'ma 1930 anasamukira ku Rome, nayamba ndi kusokera anthu ena, mpaka mu 1943, nkhondo ili mkati, anatsegula malo awoawo otchedwa Sorelle Fontana.

Dzina lawo linamveka kutali mu January 1949, pamene Linda Christian, wosewera m'mafilimu a ku America, ankakwatiwa ndi katswiri wa mafilimu Tyrone Power mu tchalitchi cha Santa Francesca Romana. Diresi la mkwatibwi anasoka ndi iwowa, ndipo zithunzi zake zinatuluka m'nyuzipepala za m'mayiko ambiri. Ena amati unali mwayi chabe. Ine sindivomereza, mayi. Inu mukudziwa kuti diresi laukwati silibisa cholakwa, msoko ukakhota pang'ono aliyense amauona. Tsikulo linawapeza atasoka kale kwa zaka zambiri.

Mu February 1951 anali m'gulu la amisiri amene wamalonda wina, Giovanni Battista Giorgini, anawaitana ku Florence kukaonetsa zovala kwa ogula ochokera ku America, nthawi imene aliyense ankaganiza kuti zovala zapamwamba zimachokera ku Paris kokha. Ava Gardner, katswiri wa mafilimu wa ku America, anakhala kasitomala wawo wokhazikika. Pa zonse zimene anamusokera, ine chimanditenga mtima ndi diresi lakuda lija lotengera mkanjo wa ansembe: lotseka mpaka m'khosi, mabatani ofiira ali ndondondo kutsogolo. Kusoka chovala chotere mumzinda wa Papa kunafuna kulimba mtima, ndiponso dzanja lodziwa kudula, chifukwa panalibe zokongoletsa zambiri zobisira.

China chimene ndikufuna muchione ndi momwe anagawanirana ntchito. Zoe ankatsogolera pa kaganizidwe ka masitayelo, Giovanna ankayang'anira osoka ndi kayendetsedwe ka bizinesi, pomwe Micol ndiye anali woyenda, kupita ku America kukaonetsa zovala ndi kukumana ndi makasitomala. Telala amene amayeza yekha, kudula yekha, kusoka yekha ndi kutsata ngongole yekha amatopa msanga.

Zoe anamwalira mu 1979, Giovanna mu 2004. Micol anakhazikitsa bungwe la Fondazione Micol Fontana ku Rome mu 1994, kumene amasunga madiresi ndi zojambula zawo kuti achinyamata aziphunzirirapo. Anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 101.