Kodi lamulo la 30 peresenti ku Malaysia linathawitsa mpamba ndi kubala katangale?

Wowerenga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg watumiza imelo kufunsa kuti: "Kuno anthu akamakangana za BEE, ndondomeko ya ku South Africa yopatsa anthu akuda gawo m'makampani, amatchula Malaysia. Ena amati lamulo lopatsa Amalay gawo m'makampani linawatukula, ena amati linathawitsa amalonda n'kubweretsa katangale. Zoona n'ziti?"

Achimwene, chimene chinawononga kwambiri si nambala ya 30 peresentiyo ayi. Ndi chakuti mphamvu yosankha wolandira masheya, malaisensi ndi makontirakiti inali m'manja mwa nduna ndi akuluakulu a UMNO, chipani cha Amalay chimene chinkatsogolera boma nthawi imeneyo.

Chiyambi chake ndi zipolowe za pa 13 May 1969 ku Kuala Lumpur, pomwe boma linati anthu 196 anafa, ambiri mwa iwo Atchaina. Mu 1970 Amalay ndi mbadwa zina, amene onse pamodzi amatchedwa Bumiputera, anali ndi pafupifupi 2.4 peresenti chabe ya masheya a m'makampani, pomwe akunja anali ndi oposa 60 peresenti. Mu 1971 boma la Tun Abdul Razak linayambitsa ndondomeko ya zachuma yotchedwa New Economic Policy, yofuna kuti pofika 1990 a Bumiputera akhale ndi 30 peresenti, nzika zina 40, akunja 30.

Pa nkhani ya mpamba, ambiri amaganiza kuti amene anapwetekeka ndi makampani akunja. Sizinali choncho kwenikweni. Fakitale yogulitsa katundu wake wambiri kunja inkaloledwa kukhala ya akunja yonse, n'chifukwa chake Intel inatsegula fakitale ku Penang mu 1972, ndondomekoyi ili yamoto. Goli linagwera amalonda a m'dziko momwemo, makamaka Atchaina. Lamulo la Industrial Coordination Act la 1975 linati fakitale, ngakhale ya antchito 25 okha, itenge laisensi, ndipo nduna inkatha kuika mfundo yakuti gawo la masheya lipite kwa a Bumiputera. Mwini fakitale wochenjera ankaona kuti kukula n'kudziputira mnzake wogawana naye phindu amene sanamusankhe. Ndiye ena anasiya dala kukulitsa mafakitale, ena anagawa kampani imodzi kukhala timakampani tingapo kuti kalikonse kakhale pansi pa malire, ena anaika ndalama m'nyumba ndi malo, ena anazitumiza ku Singapore ndi Hong Kong.

Umboni wakuti lamuloli linkalepheretsa mpamba unachokera ku boma lomwelo. Chuma chitagwa mu 1985, nduna yaikulu ya nthawiyo, Mahathir Mohamad, anakweza malire aja mu 1986 kufika pa mpamba wa RM2.5 miliyoni (RM ndi ringgit, ndalama ya ku Malaysia) kapena antchito 75, n'kufewetsanso mfundo za akunja. Makampani a ku Japan ndi Taiwan anakhamukira m'dzikomo, ngakhale kuti kukwera kwa yen, ndalama ya ku Japan, kunathandizanso kuwakankha kuchoka kwawo. Mu 2003 boma linalola akunja kukhala ndi 100 peresenti pa mafakitale atsopano.

Tsono katangale analowera pati? Njira yoyamba ndi imene Amalaysia eni ake amaitcha Ali Baba. Ali ndi Mmalay amene ali ndi dzina loyenera papepala, Baba ndi Mtchaina amene ali ndi ndalama, makina ndi antchito. Ali amapambana tenda kapena kulandira laisensi, amatapako gawo lake, ntchito n'kupatsira Baba. Nthawi zina Ali amasainiratu fomu yosamutsira masheya yopanda deti, Baba n'kuitsekera m'kabati, kuti tsiku limene adzayambane masheya abwerere kwa mwini wake weniweni. Choipa chake chimaonekera pa ntchitoyo. Kontirakiti ikadutsa m'manja awiri kapena atatu, aliyense akutapako, womanga womaliza amatsala ndi ndalama zosakwanira, ndiye amachepetsa simenti ndi zitsulo. Ali nayenso saphunzira bizinesi, amangophunzira makomo a maofesi. Kwanu kumeneko amati fronting, ndipo South Africa inaika zimenezi kukhala mlandu wopita nawo kundende m'lamulo la 2013.

Njira yachiwiri ndi masheya. Kampani ikamalowa pamsika wa masheya, 30 peresenti inkapatulidwira a Bumiputera amene unduna wa zamalonda wawavomereza, pa mtengo woyambira umene kawirikawiri unkakhala wotsika. Wolandirayo ankatha kubwereka ndalama kubanki, kugula, kugulitsa patangopita masiku ochepa, phindu n'kuika m'thumba. Mu 2009 Najib Razak, ali nduna yaikulu, ananena yekha kuti pa masheya a RM54 biliyoni amene anagawidwa motere, a RM2 biliyoni okha ndiwo anali akadali m'manja mwa a Bumiputera. Dziwani kuti wogulitsa sanalakwe lamulo lililonse. Funso ndi lakuti dzina lake linafika bwanji pa mndandanda wa unduna.

Zikalata zolola kuitanitsa magalimoto kunja, zotchedwa AP, zinayenda chimodzimodzi: anthu ochepa analandira zambirimbiri, nkhani imene inayambanitsa Mahathir ndi nduna ya zamalonda Rafidah Aziz mu 2005.

Pamwamba penipeni panali amalonda osankhidwa ndi boma kuti akhale zitsanzo za Mmalay wolemera. Tajudin Ramli anagula gawo lalikulu la Malaysia Airlines mu 1994 pa RM8 sheya imodzi. Kampani italowa m'ngongole, boma linamugulanso masheyawo pa RM8 yomweyo, pamsika akugulitsidwa pa mtengo wosafika theka. Kampani ya Renong ya Halim Saad, imene inachokera m'makampani a UMNO, nayonso inapulumutsidwa mavuto a zachuma a ku Asia a 1997 atabwera. Koma musasakanize ndi nkhani ya katangale ya kampani ya 1MDB. Kumeneko kunali kuba ndalama za kampani ya boma, osati kugawa masheya mwa mtundu.

Mbali imene inayenda bwino ndi imene sinkadalira nduna kuloza munthu ndi chala. Kampani ya boma ya Permodalan Nasional Berhad, yokhazikitsidwa mu 1978, inkagula makampani m'malo mwa anthu onse, monga momwe inagulira kampani ya minda ya Guthrie pamsika wa ku London m'mawa umodzi mu 1981, kenako n'kugulitsa timagawo kwa Mmalay wamba kudzera m'matumba a masheya otchedwa Amanah Saham Nasional ndi Amanah Saham Bumiputera. Maphunziro nawonso anatulutsa madokotala, mainjiniya ndi owerengera ndalama Achimalay ambiri, ndipo umphawi unatsika kuchoka pa 49 peresenti mu 1970 kufika pafupifupi 17 mu 1990. Mtengo wake unali wakuti ophunzira ambiri Achitchaina ndi Achimwenye anasamuka. World Bank mu 2011 inayerekeza kuti Amalaysia okhala kunja ndi pafupifupi 1 miliyoni, oposa theka ali ku Singapore.

Nanga 30 peresenti ija inakwana? Boma linati mu 1990 inafika pa 19.3. Mu 2006 bungwe lofufuza la ASLI linati ikawerengedwa pa mtengo wa pamsika, kuphatikiza makampani a boma, ili pafupi ndi 45. Boma linakana, ndipo Lim Teck Ghee, amene anatsogolera kafukufukuyo, anatula pansi udindo. Mu 2009 Najib anathetsa Foreign Investment Committee, komiti imene inkavomereza kugula masheya m'makampani, n'kutsitsa gawo la pamsika wa masheya kufika pa 12.5 peresenti, koma kuchotsera mtengo wa nyumba kwa a Bumiputera ndi kukondera pa makontirakiti a boma zilipobe.