Msuweni, munthu safunsa za kamera 1 koloko usiku

Halo... ikujambula? Eya. Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Akuluakulu mundikhululukire, ndikufuna mwamuna wanga wa ku Chinamwali uyu, msuweni wanga, amene walemba kuti, "Asuweni, ndigule Canon kapena Nikon? Yangayi yanditopetsa." Ndaona nthawi imene unalemba. 1 koloko usiku! Iii, munthu wa mtima uli m'malo amakhala akuliza mkonono nthawi imeneyo.

Chabwino, ndikuyankhe kaye usandinene kwa azakhali. Zonsezo ndi zabwino. Khala pa mtundu umene uli nawo kale, chifukwa lenzi ya Canon siilowa pa Nikon, ukasintha ndiye kuti zonse uyambirenso. Ngati ndalama ikukuyabwa m'thumba, gula lenzi ya 50mm f/1.8. Yako ija ya 18-55 ukaikoka mpaka kumapeto imatseka kufika f/5.6 (nambala ya f ikamakula, khomo lolowera kuwala limachepa), pomwe ya 1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10. M'tchalitchi mwa mdima mumasiyana pamenepo. Kapena ayi, dikira, m'tinyumba tathu tothinati 50 imakupanikiza, umabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Ukapeza 35mm tenga imeneyo. Uwonjezere batire yachiwiri ndi memori khadi yeniyeni, osati zotchipa zija zolembedwa 64GB koma pofika pakati pa ukwati zithunzi sizikutsekuka.

Ndipo zithunzi za chinkhoswe unaponya muno zija, nkhope zakuda bii, si kamera inalakwa. Unawaimika padzuwa la 12 koloko. Kamera ikaona nsalu yoyera yowala imachepetsa kuwala, nkhope za anthu akuda ngati ife n'kuzimiririka. Alowetse pamthunzi, pansi pa mtengo kapena pakhonde, uyeze kuwala pa nkhope, uponyeko kafulashi pang'ono, ujambule RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse kuti ukakonze bwino pa laputopu. Anthu akamavina shutter, kachitseko kotsegulira kuwala kaja, isachedwe kuposa 1/200 ya sekondi. Gulu la anthu ambiri tseka pa f/5.6 kapena f/8, apo ayi akumbuyo satuluka bwino. Basi. Zimenezo ngakhale kamera yakale imatha.

Koma ine ndikamva mawu oti "yanditopetsa"... hmm. Dikira ndikuuze za amalume a ku Jali, iwe umati bambo aakulu. Unawapeza atasiya kale, umangodziwa za mbuzi ija, ndipo za mbuzizo tisaziyambe pano, amayi aang'ono ali pagulu.

Amalume anali wojambula wa panjinga. Kamera ya filimu pakhosi, kachikwama pakaliyala. Tsiku la msika ali pa Jali, tsiku lina pa Thondwe, lina pa Songani, nthawi ya nsomba ali ku Kachulu kunyanja ya Chilwa. Filimu imodzi inali ya zithunzi 36. 36 basi! Palibe zoti jambula 20 usankhepo chimodzi. Ndiye munthu mmodzi ankatha naye nthawi yaitali asanadine. Kumukonza kolala, kumutembenuza kuti dzuwa lisamulase m'maso, kumuuza apukute nkhope. M'chikwama muja munkakhala jekete, tayi, wotchi yakufa ndi wailesi yopanda mabatire. Theka la anyamata a kwa agogo anajambulitsa ndi jekete limodzimodzilo, pitani mukaone m'maalubamu, ha ha, ngakhale wina amene ali pagulu pompano, sinditchula dzina.

Ndiye anali ndi buku lachikuto cholimba. Aliyense wojambulidwa amalembedwa: dzina, mudzi, nambala ya chithunzi pa filimu, ndalama yapatsidwa. Theka pompo, theka polandira. Filimu ikadzadza ankakwera basi kukatsukitsa ku Blantyre, pobwera n'kuyamba kuzungulira midzi kugawa. Palibe ankawasaka, iwo ndi amene ankasaka eni zithunzi.

Tsiku lina, ndikuseka ndisananene, anajambula ukwati wonse filimu isanagwire mkati. Akungokoka, kudina, kukoka, kudina, kauntala ikuwerenga bwinobwino, pomwe filimu ili phee pamalo amodzi. Anazindikira ataona kuti yadutsa 36 koma ikupitabe. Mukudziwa anachita chiyani? Anapalasa kubwerera, kukagwada kwa ankhoswe, Loweruka linalo akwati anavalanso, diresi anakabwerekanso kumene linachokera, nkhuku ina inafa. Kuyambira pamenepo akakoka ankayang'ana kachitsulo kobwezera filimu kaja ngati kakuzungulira. Masiku ano n'chimodzimodzi ndi kuyang'ana ngati khadi ilimo usanachoke pakhomo. Ndikunena iwe.

Eee, ndimati ndinene chiyani... 1995, chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma. Asodzi anabalalika, ena kubwerera kwawo osatenga zithunzi zawo. Amalume sanataye. Anaziika m'chitini cha mabisiketi, chilichonse dzina kumbuyo. Azakhali ankakalipa kuti chitinicho chikungodya malo. Patapita zaka anthu anayamba kufika pakhomo. "Bambo athu anamwalira, tamva kuti munawajambulapo." Amalume kutsekula buku, kutsekula chitini, n'kutulutsa. Munthu wamkulu kulira pakhonde paja atagwira kachithunzi ka bambo ake atavala jekete la eni. Mabanja ena chithunzi cha malemu chimene ali nacho ndi chokhacho.

Ndipo ankakana ntchito, ukudziwa? Za mpira ankakana, misonkhano ankakana. Amati iwo amajambula nkhope zokapachika pakhoma. Anthu ankawanena kuti ndi onyada, koma Jali yense ankadziwa kuti ukafuna chithunzi chotumiza kwa mwamuna ali ku Joni upite kwa ndani.

Ndiye msuweni, chakutopetsa iwe si kamera. Sukudziwa kuti umajambulira ndani. Lero uli pa chinkhoswe, mawa mpira, mkuja wina wakuitana ku bathide ya mwana akulipira ndi mbale ya mpunga, Lamlungu wakwera ku Mulunguzi Dam kujambula atsikana aulere kuti akutchule pa Facebook. Zaka ziwiri! Ukagona umadzifunsa kuti kodi ndikupita kuti, ndiye poti funso limenelo ndi lochititsa manyazi pagulu la abale, walisandutsa Canon ndi Nikon. Ndanama?

Chita izi, sabata ino. Gula kope. Lemba ntchito zonse za miyezi 12 yapitayi, iliyonse mzere wake: anakuitana ndani, analipira zingati, unawononga zingati pa kabaza, chakudya, bandulo, kutsukitsa ndi felemu, ndiponso maola. Maolawo uwerenge onse. Ukwati umayamba kusaluni m'mamawa, tchalitchi, zithunzi za kumunda wa maluwa, pelekanipelekani mpaka dzuwa kulowa, maola 12 osachepera, kenako masiku awiri kapena atatu pa laputopu. Ambiri amatchula mtengo wa Loweruka lokha, masiku enawo akugwira yaulere. Kumapeto kwa mzere uike chizindikiro: iyi ndingaibwereze mokondwa, iyi ayi. Pamene ndalama yotsala ndi chizindikirocho zakumana, ntchito yako ndi imeneyo. Usankhe imodzi yaikulu, ina yothandizira. Ziwiri. Zinazo uzikana, kapena uzitchula mtengo woti akavomera sudandaula.

Ukasankha uyang'ane chaka cha Zomba mmene chimayendera. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka anthu akakolola mpaka mvula isanagwe. Januwale ndi Febuluwale aliyense ali pa fizi ndi feteleza, foni siilira, ndiye ya miyezi imeneyo uisunge nthawi ya maukwati. Graduation ku Great Hall ya ku yunivesite ndi masiku ochepa, ojambula amachuluka ngati ngumbi, wodya bwino ndi amene anagwirizana ndi ophunzira kusanache, osati wothamangira makolo pageti. Ukafuna za mabungwe ndi masukulu, amenewo safunsa kuti kamera yako ndi yanji. Amafuna kotesheni, invoisi, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndi chilolezo cha anthu amene wawajambula, makamaka ana. Ukafuna alendo okwera phiri, Ku Chawe, Williams Falls, Emperor's View, dziwa kuti kumwambako nkhungu imatseka osatsanzika, Juni ndi Julaye chiperoni chikabwera suona ngakhale mtengo uli patsogolo pako. Kuno kumunsi miyezi yozizira dzuwa limabisala msanga kuseri kwa phiri, ndiye akwati ochedwa kuholo uwauziretu kuti kuwala sikudikira.

Cholinga chako chikhale ndi nambala ndi tsiku, ndipo chikhale chimene chili m'manja mwako. "Ndikufuna kutchuka" si cholinga, ndi maloto a chumba. Lemba chonchi: pofika kumapeto kwa miyezi 3 ndikhale ndi zithunzi 30 za mtundu umodzi zoonetsa kasitomala, osati 500 zosakaniza. Ndikhale nditacheza ndi anthu 10 amene akwati amayamba kuwafikira asanaganize za wojambula: atelala, okongoletsa holo, a makeke, a saluni, oyendetsa mwambo. Kasitomala aliyense alandire zithunzi zake pasanathe masiku 14. Ichi chokhachi chingakusiyanitse ndi anzako ambiri, chifukwa dandaulo la anthu si loti zithunzi sizinakongole, ndi loti mwana wabadwa alubamu ya ukwati isanafike.

Za ndalama, theka pogwirizana tsiku, lotsala asanalandire zithunzi. Muzilemberana, ngakhale pa WhatsApp pomwepo: maola angati, zithunzi zingati, zotsukidwa zingati, tsiku lopereka. Wachibale naye chimodzimodzi... eee, ndikudziwa ena andikwiyira, ndaona kale wina akulemba. Akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, pa K10,000 iliyonse patula K2,000 ya zida, usaikhudze. Kamera imakalamba, shutter ili ndi malire ake, tsiku lina idzangoima pakati pa malumbiro. Ndalama imeneyo ndi imene idzagule Canon yakoyo, kapena Nikon, kaya, pamene ntchito yaitana yokha.

Aaa, ndisanaiwale. Ukafika kunyumba zithunzi zikhale malo awiri usanafufute khadi, pa laputopu ndi pa hard drive, ndipo magetsi akakhalapo tchaja zonse pompo, usati mawa. Potumiza pa WhatsApp tumiza ngati document, apo ayi zimafinyika, akakatsukitsa zimatuluka zosweka, dzina loipa n'kukhala lako. Ndipo chinyezi cha Zomba chino nthawi ya mvula chimameretsa nguwi m'kati mwa lenzi. Usasiye kamera m'chikwama pansi pa bedi. Ika m'kontena yotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Ndalankhula kwambiri eti? Mphindi 9, mayo. Koma wamva? Usagule kanthu mwezi uno kupatula kope. Udziwe kaye kuti anthu ako ndi ati, monga amalume ankadziwira kuti awo ndi a nkhope zapakhoma. Ine ndikaona zithunzi zako, za agogo ali pamkeka zija, tsiku lija la chiliza, ndimaona kuti dzanja lako lili pa anthu achikulire ndi mabanja, osati zovinavina. Koma usatengere ine, kope likuuza.

Ndibwerezenso poti mutu wako ndimaudziwa, unatengera kuchimuna: anthu amodzi, nambala, tsiku. Ulembe, ujambule tsambalo, unditumizire kumbali Lachisanu lisanafike. Ukapanda kutero ndikuuza mkazi mnzanga uja wa ku Matawale kuti ukwati wathu wa chisuweni sunathe.

Buku la amalume lija lili kwa azakhali, m'sutikesi yobiriwira. Chitini sindikudziwa anatenga ndani pa maliro paja. Amene ali nacho anene, sitimenya. Ndipo iwe, tchaja changa chija ubweretse Loweruka.