Zida zimene asilikali a mizinga ankanyamula m'thupi

Achimwene, mwafunsa ngati asilikali oombera mizinga ankanyamulanso mfuti zawozawo. Ndiyankha potengera nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Ambiri analibe mfuti. Akuluakulu ankafuna kuti manja awo akhale pa mzinga basi, chifukwa munthu akagwira mfuti amayamba kudziteteza yekha n'kusiya ntchito ya gulu. Mapisitolo, monga Colt ya 1860, ankakhala ndi maofesala ndi masajeni, ndipo nthawi zambiri ankaphera mahatchi ovulala. Lupanga lopindika la 1840 linkangopinga miyendo, ambiri ankalisiya m'ngolo. Ku France, lupanga lalifupi la asilikali analipatsa dzina lachipongwe lakuti "chodulira kabichi", poti linkagwira ntchito ya chikwanje kuposa yankhondo.

Nanga adani akafika pamphuno? Ku Gettysburg, madzulo a pa 2 Julaye 1863, anyamata a Ricketts ndi a Wiedrich, makaputeni a magulu a mizinga a mbali ya Kumpoto, paphiri la Cemetery Hill anamenya adani ndi zimitengo zosindira onga, zotembenuzira mzinga, ngakhale miyala. Kwa ine chida chawo chenicheni chinali chitini chodzaza tizipolopolo tachitsulo, chomwe mzinga unkamwaza ngati mpunga adani ali pafupi.