Ngongole za mu ofesi zandithera mpamba

Alangizi, ndinamaliza maphunziro ku Chanco ndipo ndalembedwa ntchito mu ofesi ina kuno ku Zomba. Ndidakali pa miyezi yoyesedwa. Poti malipiro ndi ochepa, ndinayamba kugulitsa zitenje ndi nsapato zomwe ndimakapikula ku Limbe ndi mpamba wa K200,000. Anzanga amatenga pangongole kuti apereka pakutha pa mwezi, koma ambiri sapereka. Abwana nawo anatengera akazi awo zitenje ziwiri, mpaka lero zii. Ndikuopa kuwakumbutsa. Kodi ndikatenge katapila kuti ndikapikulenso?
Mtsikana wa ku Matawale

Achemwali, katapila musamuyandikire. Chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimaposa phindu la zitenje, ndipo akatapila ambiri amasunga khadi lanu la ku banki kuti malipiro akangolowa ayambe adya okha. Mpamba wanu ulipo, wangogona m'matumba mwa anthu omwe mumakhala nawo tsiku lililonse.

Anthuwo sakuiwala ayi. Aona kuti ndinu wamng'ono, watsopano, komanso mwana wamkazi woleredwa mwaulemu yemwe sangayerekeze kutchula ngongole kwa wamkulu. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Gulani kope, mulembe dzina, tsiku, chomwe anatenga ndi ndalama yotsala. Tsiku lolandira malipiro, m'mawa ndithu ndalama zisanapite ku lendi ndi magetsi, tumizirani aliyense uthenga wake payekha, wokhala ndi ndalama yeniyeni ndi nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba. Musalembe pa gulu la WhatsApp la ku ntchito. Munthu mukamuchititsa manyazi amakusungirani kumtima ndipo ndalamayo sabweza. Kuchedwa nakonso kukudyerani. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse taona kuti mitengo siyima, moti ndalama yobwezedwa patatha miyezi itatu sikagulanso chitenje chomwecho.

Za abwana zikufuna nzeru. Lowani masana, chitseko chili chotsegula, kope lili m'manja. Nenani kuti, "Bwana, pepani ndakusokonezani. Loweruka ndikufuna ndikapikule, ndiye ndikutolera tindalama tanga. Kwa inu kunatsala za zitenje ziwiri zija." Mukatero khalani chete, musayambe kuseka kapena kuwathandiza kupeza chifukwa. Ambiri amapereka pompo. Mukawakumbutsa kawiri osapereka, ine ndingati zisiyeni, koma asadzatengenso kanthu osalipiriratu. Zitenje ziwiri sizingafanane ndi ntchito. Koma akayamba zoti mukatenge ndalamayo madzulo kumalo kwina, kanani mwaulemu, sungani mauthengawo, ndipo dziwani kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere pa ntchito.

Mantha anuwo ali ndi maziko, sindikunamizani. Lamulo la ntchito la 2000 limalola kuyesedwa mpaka miyezi 12, ndipo pa nthawiyi olemba ntchito angathe kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Choncho musawapatse pogwira. Chikwama cha zitenje pansi pa desiki, anthu akuyesa nsapato nthawi ya ntchito, ndi chifukwa chokwanira kwa munthu amene akufuna kukuchotsani. Werengani kalata yanu ya ntchito muone ngati ikunenapo za bizinesi zapadera. Ngati kalatayo sanakupatseni, ifunseni, chifukwa ndi ufulu wanu kukhala ndi zolembedwa. Pomwepo muonenso ngati pepala la malipiro likuonetsa penshoni: inu amakudulani 5 peresenti, olemba ntchito amaikapo 10. Atsikana ambiri amadzafunsa izi atagwira kale zaka.

Makasitomala sakani kunja kwa ofesi. Muli ndi anzanu omwe adakali ku Chanco, a ku Chikanda, amayi a ku tchalitchi, oyandikana nawo ku Matawale konko. Ikani zithunzi pa WhatsApp ndi mtengo wake, muzipereka katundu mukaweruka ndi Loweruka. Wofuna pangongole apereke theka kaye, inu mumusungire katunduyo, adzatenge akamaliza. Ena adandaula kuti mwayamba kunyada. Asiyeni.

Powerengera phindu musaiwale ya minibasi yopita ku Limbe ndi kubwera, ndi nkhomaliro ya tsikulo. Mwina mupeza kuti maulendo ena munkangoyendera ulere. Zimene mutolere mwezi uno musaziphatikize ndi malipiro. Kapikuleni katundu wa ndalama zomwezo basi, ngakhale zitakhala theka la mpamba uja. Mukadzafuna kuwonjezera, yambani mwasunga ku SACCO kapena ku banki mkhonde ya anthu omwe mumawadziwa bwino, mudzabwereke kumeneko akadzakutsimikizani pa ntchito.