Khrisimasi ya agogo inkagulidwa mu Julaye

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti agogo ake, amene anamulera kwa Santhe, ankawerenga ndi timitengo ta machesi tomwe, koma pa Khrisimasi ankapha nkhuku ziwiri. Pano ana ake akumunena kuti anatengera agogowo kuuma manja, poti wakana kutenga ngongole yoti banja likadyere Khrisimasi kunyanja. Ndiye akufunsa: kodi agogo athu anali oumira, kapena unali umphawi chabe?

Mayi, mwandikumbutsa kutali. Inenso ndinakulira m'manja mwa agogo cha ku Chamama, ndipo machesi mukunenawo kwathu ankatha miyezi. Usiku ankasiya chikuni chikunyeka pansi pa phulusa, chikazima ankatituma kukapala moto kwa anansi. Sopo akatsala kachidutswa ankakamata pa watsopano.

Koma taganizirani kalendala ya mlimi wa ku Kasungu. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, mtedza timakumba cha mu Meyi. Ndalama imagwirika nthawi ya chisanu basi. Ikamafika Disembala m'thumba mwayera, yotsala yapita ku feteleza, nkhokwe yatsika, ndipo Januwale ndi Febuluwale akudikira pakhomo. Wofuna kudya bwino pa 25 Disembala ankayenera kuyamba kale.

Agogo aakazi ankatero. Ndalama ya fodya ikangofika, ankakwera matola kupita pa boma kukagula shuga, mpunga, masamba a tiyi ndi nsalu zotisokera. Zonse ankazitsekera m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, kiyi n'kumumanga pamfundo ya chitenje. Miyezi isanu tinkangomva fungo la sopo bokosilo likatsegulidwa. Ndiwo zinali mfutso wa m'chikwatu, wotendera.

Tsikulo likafika, eee! Tiyi wamkaka, buledi wopaka Stork, shuga wosayeza. Kutchalitchi tinkapita nsapato zili m'manja kuopa matope, kukavalira pakhomo penipeni. Masana mpunga ndi nkhuku yachikuda. Nthutumba ya agogo aamuna, ife mutu ndi zipalapasiro, Fanta imodzi ana awiri, ndipo ndewu yake inali yoti wamwa kwambiri ndani. Thobwa linali m'mbiya pakhonde, aliyense wodutsa ankatungiridwa. Woumira satungira mlendo, mayi. Kukacha pa 26, khasu paphewa.

Chakudza sichiimba ng'oma, ankatero. Ndinamvetsa mu 2002, njala itavuta kwambiri kuno ku Kasungu, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi. Matumba awiri amene agogo anakana kugulitsa, ife tikung'ung'udza, ndi amene anatifikitsa pa dowe.

Choncho ngongoleyo mwachita bwino kuikana. Sukulu fizi ya Januwale sidziwa kuti munali ku Salima. Chokhacho, ana aone kuti pali bokosi. Agogo sankangoti ayi, tinkadziwa kuti chilipo chikutidikira.

Komabe sindingawayeretse kotheratu. Kusunga kwina kunkapyola muyeso. Atamwalira agogo aakazi tinatsegula bokosi lija. Pansi pake tinapeza zitenje zitatu zosavalidwapo, mapepala a mtengo akadali pomwepo, ndi ndalama za nkhope ya Kamuzu zokulungidwa m'kansalu, zoti zinasiya kalekale kugwira ntchito. Amayi anga anaseka, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira.